Mwana wanga akufuna IT ku giredi 10 koma akuti amaphunzitsa za makedzana

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina wa ku Rosettenville, ndaufupikitsa pang'ono:

"Achimwene, ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Mwana wanga wamwamuna ali giredi 9, anabwera kuno kuchokera ku Balaka ali sitandade 6. Kusukulu atipatsa fomu yosankha maphunziro a giredi 10, akuti tibweze Lachisanu likudzali. Pali IT ndi CAT, ine ndimaona ngati zonse ndi kompyuta basi. Mwanayu amafuna IT koma ku msonkhano wa makolo ndi ana anabwerako atakhumudwa, akuti aphunzitsi anatha ola lathunthu akuonetsa zithunzi za makompyuta akalekale, komanso akuti Delphi yomwe amaphunzitsayo ndi ya agogo, anthu pano ali pa Python ndi AI. Pano akuti bola angotenga CAT ndi Maths Lit ngati anzake. Chinanso kusitolo anandionetsa laputopu ya R14 000 akuti ndiye ya IT, ine ndalama zimenezo ndizitenga kuti? Ndithandizeni."

Achemwali, mtima pansi. Fomuyo siyoopsa ngati mmene ikuonekera, ndipo R14 000 ija muiwale kaye, tifikako. Mwachita bwino kufunsa Lachisanu lisanakwane chifukwa ambiri amandipeza mwana ali kale pakati pa giredi 11 zinthu zitathina, nthawi imeneyo kukonza kwake kumakhala kwa misozi. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, kuno ku Joni ndatha zaka zoposa 15, ndipo Loweruka ndimakhala ndi ana a giredi 10 mpaka matiriki (giredi 12) kuwathandiza IT ndi CAT, ambiri ndi ana athu omwe a kumudzi, nde zomwe ndikuuzeni ndi zomwe ndaona ndi maso angawa.

IT ndi CAT zonse ndi za kompyuta inde, koma zimasiyana ngati dalaivala ndi makaniko. CAT, dzina lake lonse Computer Applications Technology, ndi kuyendetsa: mwana amaphunzira kugwiritsa ntchito mapulogalamu omwe ena anapanga kale, kutayipa ndi kukonza makalata mu Word, kuwerengetsa ndalama mu Excel, kusunga kaundula mu Access, ndi ka HTML pang'ono kopangira tsamba la pa intaneti. Musalole wina akuuzeni kuti ndi phunziro la ana ofooka, ndi bodza, mwana wodziwa Excel bwinobwino ofesi iliyonse amamufuna ndipo ku yunivesite savutika ndi ma asayimenti. IT, Information Technology, ndi kutsegula boneti. Mwana amaphunzira kulemba pulogalamu yakeyake, kuiuza kompyuta chochita mzere ndi mzere. Giredi 10 amayamba ndi kuganiza kwa masitepe ndi timapulogalamu tating'ono, giredi 11 amalowa ma array ndi ma database, giredi 12 kumabwera SQL ndi zomwe amati ma object. Pa matiriki maphunziro onse awiriwa ali ndi mapepala awiri, lina la pa kompyuta lina lolemba pamanja, komanso pali PAT, pulojekiti yomwe mwana amapanga kwa miyezi ingapo ndipo imatenga 25 peresenti ya malikisi onse. PAT imeneyi muikumbukire, ndi yomwe imafuna kuti mwana azikhala ndi pogwira kompyuta akaweruka.

Koma mu uthenga wanu chomwe chandidzidzimutsa si CAT ayi, ndi ka mawu kaja koti Maths Lit, masamu opepukirapo a zinthu za tsiku ndi tsiku. Apa nde ndilankhula mosapsatira. Ngati mwanayu amalota zodzapanga mapulogalamu, khomo lake ndi masamu enieni, amene kuno amati pure Maths. Ku yunivesite ya Wits kuja ku Braamfontein kapena ku UJ (University of Johannesburg), digiri ya Computer Science safunsa kuti unatenga IT kusekondale, amayamba nawe pa ziro, koma masamu amafunsa ndipo amafuna malikisi abwino. Nde mwana wotenga Maths ndi CAT khomo lake likadali lotsegula, pomwe wotenga Maths Lit wadzitsekera yekha makomo ambiri a sayansi asanadziwe nkomwe zomwe akufuna. Masukulu ambiri salola nkomwe IT kwa mwana yemwe sakutenga Maths. Choncho musanakangane za IT kapena CAT, tengani lipoti lake la telemu yatha muone masamu ali pati. Ngati ali pa 60 kupita mmwamba palibe chothawira, ndi ulesi wotengera anzake basi. Ngati akusewera mma 50 ndi zotheka koma afunika womukankha. Ngati ali pansi pa 40 nde tikhale pansi ndi aphunzitsi ake a masamu tione kuti vuto ndi masamuwo kapena ndi Chingerezi, chifukwa ana ambiri obwera kuchokera kumudzi masamu amatha ndithu koma funso likakhala la nkhani yaitali amasochera pa chizungu, ndipo mankhwala a zinthu ziwirizi ndi osiyana.

Tsopano za Delphi ya agogo ija kkkk. Mwanayu sakunama kwenikweni, Delphi inatuluka mu 1995, iye asanaganiziridwe nkomwe, ndipo muzu wake ndi wakale kuposa pamenepo. Mu 1970 pulofesa wina wa ku Switzerland, Niklaus Wirth, anapanga chilankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa Pascal, ndipo china mwa zolinga zake chinali kuphunzitsira ophunzira kulemba pulogalamu mwadongosolo. Mu 1983 kampani ya Borland inatulutsa Turbo Pascal, yemwe anailemba ndi mnyamata wa ku Denmark dzina lake Anders Hejlsberg, ndipo ndi yemweyo anadzatsogolera kupanga Delphi. Nde tamverani izi, munthu yemweyo atasamukira ku Microsoft anakatsogolera kupanga C# kenako TypeScript, zilankhulo zomwe makampani a ku Sandton akulembera anthu ntchito lero lino. Ndi banja limodzi, mwana wodziwa Delphi akaona C# amangoona ngati wakumana ndi msuweni wake. Masukulu a boma amagwiritsa Delphi, ambiri a pulayiveti olemba mayeso a bungwe la IEB amagwiritsa Java, ndipo kunena zoona ine atandifunsa ndikanakonda akanasintha, ntchito zolembedwa kuti tikufuna wa Delphi sizichuluka. Koma chomwe mwana amatuluka nacho mkalasi muja si Delphi, ndi mutu wodziwa kuphwanya vuto kukhala timasitepe. Ana anga omwe anamvetsa bwino loop ndi if mu Delphi, Python amaitola pa holide imodzi, mwinanso kuiseka kuti ndiyophweka. Delphi ndi yaukali ngati aphunzitsi a mishoni, ukaiwala ka semicolon kamodzi imakana kuyenda, usanagwiritse nambala uyenera kunena kaye kuti ndi ya mtundu wanji, ndipo ukali umenewo kwa woyamba ndi wabwino.

Za zithunzi za makompyuta akale, aphunzitsi aja ndiwadzudzula pang'ono, mwana wa zaka 15 sumukopa ndi ola lathunthu la zithunzi, akanangowakhazika pa kompyuta aliyense alembe mizere isanu aone dzina lake likutuluka pa sikirini. Komabe nkhaniyo payokha ndiyokoma, ndipo yankho la funso lanu la R14 000 lili mmenemo, nde ndiloleni ndiifotokoze mmene ndimawauzira ana anga.

Kompyuta poyamba sichinali chinthu cha munthu. ENIAC yomwe anaionetsa ku Philadelphia mu 1946 inkalemera pafupifupi matani 30, inali ndi timababu pafupifupi 18 000 ndipo inkadzaza chipinda chachikulu. Zinthu ngati zimenezi zinali za asilikali, mayunivesite, kenako mabanki ndi makampani akuluakulu. Mu 1971 Intel inakwanitsa kuika ubongo wonse wa kompyuta pa kachipu kamodzi, 4004, kokhala ndi ma transistor 2 300, ndipo pamenepo nde panayambira zonse. Januwale 1975 magazini ya Popular Electronics inaika pachikuto kabokosi kotchedwa Altair 8800. Unkagula zidutswa ndi madola pafupifupi 400 nkumalumikiza wekha kunyumba, kanalibe kiyibodi, kanalibe sikirini, kutsogolo kwake kunali timaswitchi ndi timagetsi tofiira basi, ndipo memori yake inali ma byte 256, kutanthauza zilembo 256, uthenga mwanditumizira uja sukanakwanamo. Koma anthu anakalimbirana ngati chimanga cha ku ADMARC chaka cha njala, chifukwa kwa ambiri kanali koyamba munthu wamba kukhala ndi kompyuta yakeyake yoti palibe womuuza kuti nthawi yako yatha.

Anyamata awiri anaona magazini ija nkulemba BASIC, chilankhulo chosavuta cholembera mapulogalamu, yoti iziyenda pa kabokosiko, Bill Gates ndi Paul Allen, ndipo Microsoft inabadwa chaka chomwecho. Apa nde pali pomwe ndimafuna mwana wanu amve. Awiriwa anadziwana kusukulu ya Lakeside ku Seattle, komwe mu 1968 gulu la amayi a ana a pasukulupo linagulitsa katundu wakale, tinene kuti kaunjika, nkupeza ndalama zolipirira makina onga taipi omwe ankalumikizana ndi kompyuta ya kutali kudzera pa waya wa telefoni. Sikirini panalibe, yankho linkatuluka pa pepala. Gates anali ndi zaka 13. Sindikunena kuti anali osauka ayi, sukuluyo inali ya ana a anthu olemera, koma makina omwe anaphunzirirapo akanakhala lero sakanafika ngakhale pa foni ya mwana wanu. Chomwe anali nacho ndi maola, ankakhala pamenepo mpaka kuthamangitsidwa.

Kenako zinthu zinathamanga. Steve Wozniak anapanga Apple I mu 1976, iye ndi Steve Jobs ankaigulitsa madola 666.66, 1977 kunatuluka Apple II, Commodore PET ndi TRS-80, makompyuta oti ungogula nkulumikiza kumagetsi. Anthu a bizinesi ankaziona ngati zidole mpaka 1979 pomwe Dan Bricklin ndi Bob Frankston anatulutsa VisiCalc, tebulo loti ukasintha nambala imodzi zotsatira zonse zimasintha zokha, agogo ake a Excel yomwe ana a CAT akuphunzirayi, ndipo anthu anayamba kugula Apple II chifukwa cha pulogalamu imodzi yomweyo. Pa 12 Ogasiti 1981 IBM inatulutsa PC yake, yotsika mtengo kwambiri inali madola 1 565 ndi memori ya 16 KB, chithunzi chimodzi chomwe mumajambula pa foni yanu chimaposa pamenepo kuwirikiza ka 100. Makampani ena anayamba kupanga zofanana nayo, mitengo inatsika, nchifukwa chake mpaka lero timati PC. Za mawusi ndi tizithunzi todina zinafika kwa anthu ambiri ndi Macintosh mu 1984, kenako Windows.

Koma yomwe ndimaikonda ine ndi ya ku Britain. Mu 1981 kampani ya Acorn inapanga BBC Micro, ndipo inadzaza mmasukulu a kumeneko. Ukaiyatsa sinkakupatsa masewero kapena mavidiyo, inkangokuonetsa kachizindikiro kakuphethira kudikira kuti ulembe lamulo, nde mwana aliyense wofuna kuti ichite kanthu amayenera kuphunzirako ka BASIC. Anthu a Acorn omwewo mu 1985 anapanga chipu chawochawo chotchedwa ARM, ndipo lero pafupifupi foni iliyonse yomwe ili mthumba mwa munthu, yanu, yanga, ya mwana wanu, ubongo wake ndi wa mtundu wa ARM. Kompyuta ya mkalasi ija nde gogo wa foni yomwe mwanayu akunyadira. Ndipo ku Cambridge, ku Britain komweko, atazindikira kuti ana obwera ku yunivesite akudziwa zochepa za kulemba mapulogalamu kuposa a kale ngakhale makompyuta awo ndi amphamvu, Eben Upton ndi anzake anapanga Raspberry Pi mu 2012, kakompyuta kotchipa kokwana pachikhatho, kuti ana ayambirenso kugwiragwira.

Vuto limenelo nde ndimaliona Loweruka lililonse. Makolo amandiuza kuti mwana wanga ndi katswiri wa kompyuta, foni yanga akonza ndi iyeyo. Ndikamukhazika pa kompyuta nkumuuza kuti sunga fayilo iyi mu foda ya dzina lako kenako uikopere pa fulashi, amangondiyang'ana. Kutayipa ndi zala ziwiri. Foni inapangidwa kuti munthu azingodya zophikaphika, mafayilo ako sudziwa komwe akukhala, ndipo TikTok siphunzitsa munthu kuphika.

Ine kompyuta ndinaiona koyamba ku Blantyre chakumapeto kwa ma 1990, mu ofesi ina momwe amalume ankagwira ntchito ya umesenjala. Inkafundidwa nsalu ngati mwana wakhanda kuopa fumbi, ndipo wololedwa kuikhudza anali sekilitale yekha. Mayi ameneyo, Mulungu amudalitse komwe ali, ankandilola kukhalapo mphindi 30 akapita ku lanchi. Ndinali ndi kadisiki kamodzi ka 1.44 MB, ndinkakasunga mu jumbo ya shuga mthumba la malaya, ndipo tsiku lina nditalemba kwa sabata zitatu kapulogalamu kowerengetsa ngongole za pa grosale ya amayi, kadisikiko kanangokana kutseguka, zonse zinapita. Ndinalira pa depoti ya basi anthu nkumaganiza kuti kwagwa maliro. Ndinayambiranso, ndipo kachiwiriko ndinalemba masiku anayi okha chifukwa zonse zinali zitakhala kale mmutu. Mpaka lero ana anga a PAT ndimawavutitsa kuti asunge malo atatu, pa kompyuta, pa fulashi ndi pa imelo, amandiona ngati wamisala mpaka tsiku lomwe fulashi yatsala mu takisi.

Chaka chatha ndinali ndi mtsikana wina wa giredi 10, amayi ake amagulitsa zitenje ndi nsomba zouma zochokera kumudzi. Telemu yoyamba IT anapeza 38, anabwera atatsimikiza zosiya. Ndinamufunsa kuti amayi ako ali mu chipereganyu? Akuti eya, azimayi 12, aliyense R500 pamwezi. Ndinati chabwino, buku litseke, ndilembere papepala mmene ungadziwire kuti mwezi uno alandira ndani, alandira zingati, ndipo yemwe wachedwa kupereka chindapusa chake chikhala bwanji. Analemba mu Chichewa chosakaniza ndi chizungu, masitepe 9. Ndinamuuza kuti imeneyo nde algorithm yomwe yakhala ikukuliza mkalasi. Tinaisandutsa Delphi mzere ndi mzere, inakana kasanu, kawiri chifukwa cha semicolon, kamodzi chifukwa analemba = pomwe pamafunika :=, mpaka anadina batani pa sikirini nkutuluka dzina la mayi wa nambala 4 ndi R6 000. Anakuwa mpaka a nyumba yoyandikana anasuzumira. Laputopu yomwe tinagwiritsa tsiku limenelo ndi yakale moti batire yake inafa kalekale, imayenda ili pa chaja basi.

Nde tibwere ku sitolo kuja. Wogulitsayo amafuna komishoni yake, musamudandaule, koma IT ya kusekondale sifuna laputopu ya R14 000, zimenezo ndi za masewero. Chofunika ndi chakuti ikhale ya Windows chifukwa Delphi ndi Access zimayenda pa Windows, choncho tabuleti kapena Chromebook musagule ngakhale itatchipa bwanji. Memori yake, yomwe amati RAM, ikhale 8 GB, yosungira ikhale SSD ya 256 GB osati hadi disiki yakale yozungulira ija, ndipo purosesa ikhale i5 ya 8th gen kupita mmwamba kuti izilola Windows 11, poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Zoterezi mumazipeza za kaunjika zomwe makampani atulutsa mmaofesi, ma ThinkPad, ma Dell Latitude, ma HP EliteBook, pa ndalama yosafika theka la ija anakuuzani, ndipo ndi zolimba kuposa zatsopano zotchipa. Zomwe ndimadana nazo ine ndi tija tonyezimira ta Celeron ta 4 GB ndi malo a 64 GB, chikomekome cha nkuyu, pakatha miyezi itatu Windows yokha yadzaza malo onse mwana akungoyang'ana kabwalo kakuzungulira. Ngati mumakhala malo okhazikika, desiktopu yakale ndiyotchipa kuposa apo ndipo palibe angamulande pa msewu, kungoti magetsi akazima nayo yazima, pomwe laputopu imakupatsako ola kapena awiri.

Pogula mupite ndi munthu wodziwa, ndipo muiyatse pompo musanapereke ndalama. Ine ndemwe amene ndinapusitsidwapo mu shopu ina mtauni, ndinagulira mwana wa mnzanga laputopu yooneka bwino, kufika kunyumba ndikuti ndisinthe zina mu BIOS, masetingi a mkati mwa kompyuta, ndikupeza muli pasiwedi ya kampani yomwe inachokera, kubwerera mawa lake akuti sitikukudziwa, lisiti sindinatenge chifukwa anandichotserako R200. Nde lisiti yokhala ndi siriyo nambala ndi waranti ngakhale ya miyezi itatu musazisiye. Ichotseni pa chaja muone ngati batire ikugwira, dinani batani lililonse, lowetsani fulashi mmabowo onse. Za pa msewu kapena za pa Facebook zopanda chaja zopanda pepala zisiyeni, zambiri ndi zobedwa, ndipo ife alendo tikapezeka ndi katundu wobedwa nkhani yake mukuidziwa mmene imathera. Chonde musakatenge katapila chifukwa cha laputopu, komanso palibe chothamangira, giredi 10 iyamba Januwale, mutha kudikira ulendo wanu wa chipereganyu kapena kugula telemu yoyamba ikatha mutaona kuti phunzirolo walikonda. Delphi yogwiritsa ntchito kunyumba musalipire munthu, afunse aphunzitsi ake kuti akugwiritsa iti, ilipo ya Community Edition yaulere, komanso kuli Lazarus yomwe ndi yaulere ndipo imafanana nayo kwambiri. Madamu anu ku Randburg muwafunsenso, nyumba zambiri zimenezija muli laputopu yakale ikungogona mu kabati, kuika SSD ndi RAM imadzuka.

Za AI ndinene pang'ono poti mwanayu waitchula. Inde ChatGPT imatha kulemba Delphi, ndipo ana ambiri homuweki akungokopera. Koma pepala loyamba la matiriki ndi maola atatu uli wekha ndi kompyuta yopanda intaneti, ndipo pa PAT aphunzitsi amatha kukuloza mzere nkufunsa kuti apa umatanthauza chani. Ndawaona ana a 90 pa homuweki akupeza 30 pa mayeso. Ine ndimawalola kuifunsa kuti iwafotokozere chifukwa chomwe pulogalamu yakanira, koma atayamba ayesa okha kaye. Ndipo kuntchito komwe AI ikulemba ma code ambiri, wofunika ndi yemwe angawerenge nkuona kuti apa yanama.

Musanasaine fomu, pitani kusukuluko kapena imbani, muli ndi ufulu wofunsa ngakhale muli mlendo. Funsani kuti mu labu makompyuta oyenda ndi angati ndipo ana a IT ndi angati, chifukwa ndinalowapo mu labu ina ya makompyuta 40 oyaka anali 17, ana atatu pa kiyibodi imodzi ndipo wotayipa amakhala yemweyemweyo. Funsani ngati mphunzitsi wa IT ndi wokhazikika, ngati labu imatsegulidwa akaweruka, komanso kuti a matiriki a chaka chatha anakhoza bwanji. Masukulu ambiri IT alibe nkomwe chifukwa aphunzitsi ake ndi osowa, nde ngati yanuyo ili nayo ndipo mayankho ndi omveka, ndi mwayi. Ngati mayankho ndi ozembazemba, Maths ndi CAT ndi chisankho chabwinobwino, kulemba mapulogalamu adzaphunzira pambali. Mufunsenso malamulo osinthira phunziro, ku giredi 10 kusintha kumakhala kophweka kusiyana ndi kutsogolo, nde akalowa IT malikisi a telemu yoyamba ndi yachiwiri akakhala pansi pa 50 musadikire Disembala, kaonaneni ndi aphunzitsi ndi mkulu wa dipatimentiyo, mupeze womuthandiza, zikakanika asinthe nthawi ikadalipo. Akamadandaula mutu kapena kutsinzinira poyang'ana sikirini mupite naye akamuyeze maso, ana ena timawayesa aulesi pomwe sakuona. Ndipo laputopu ikabwera izigona kuchipinda kwanu, apo ayi muzidzamva kuti akupanga PAT mpaka 2 koloko usiku pomwe ndi FIFA.

Ziwiri zina zoti muziganizire pofatsa. Ngati muli ndi maganizo oti mwanayu adzabwerere kumudzi asanamalize, dziwani kuti ku MSCE kuli Computer Studies koma silabasi yake ndi ina, nde kusamutsa mwana pakati pa giredi 11 kumamusokoneza, bola kusankha mbali imodzi. Ndipo ngati adzapitirize kuno, NSFAS, bungwe la boma lolipirira ophunzira fizi ya ku yunivesite, imathandiza nzika ndi omwe ali ndi chilolezo chokhala mdziko muno mpaka kale, choncho nkhani ya mapepala ake ndi ya fizi muyambe kuifufuza panopa ku ofesi ya sukulu, osadikira matiriki.

Pakati pa lero ndi Lachisanu muyeseni chonchi. Mupatseni pepala ndi bolopeni, alembe masitepe owerengetsera ndalama zanu za pamwezi, lendi, thiransipoti ya ku Randburg, chakudya, zotumiza kumudzi, ndipo pakhale lamulo loti zotsala zikachepera R300 pazituluka chenjezo. Kenako inuyo mukhale kompyuta, muzichita zokhazo zomwe walemba osawonjezera nzeru zanu, akaiwala kunena kuti chotsani lendi musachotse, yankho lituluke lolakwika. Muyang'ane nkhope yake. Akakwiya nkutaya pepala kupita pa foni, CAT ndi Maths zimukwana. Akalanda pepalalo nkunena kuti dikirani ndikonze, kachiwiri, kachitatu, mpaka nsima kuzizira, musainireni IT. Loweruka likubwerali ngati muli ndi ya takisi mupite naye ku Sci-Bono, malo oonetsera za sayansi ku Newtown, akaone zina, ndipo lipoti la masamu lija mulijambule munditumizire ndilione.